Ziphuphu za Khanda ndi Manja a Girisi

Pa 14 Malichi chaka chatha, Lamulungu masana, a Sipoko analandidwa mwana m'manja. Sanali mwana wakuba ayi. Anali mdzukulu wawo weniweni, mwana wa mwana wawo. Amene anawalandayo anali asewele awo, mayi wa mpongozi wawo, ndipo anachita izi pamaso pa alendo amene anadzaza pabalaza kudzaona khanda. Mayiwo anadzambatuka pa sofa, n'kusolola mwanayo ngati akumuchotsa pamoto, n'kulankhula mokweza kuti ndi wakukhitchini yemwe amve.

"Asewele, manja anuwa ndi amene atiwonongera mwana. Taonani nkhope yakeyi!"

Anthu anayang'anadi. Pamasaya a khandalo, pamphumi ndi pakamphuno panali tiziphuphu tofiira, tina ta mitu yoyera, tothithikana ngati mchenga womwazika. Atatha kuyang'ana mwanayo, onse anatembenukira ku manja a mkuluyo, amene anali akadali m'malere monga momwe anagwirira khandalo. Anali manja akuda m'mizere, akuda kunsi kwa zikhadabo, onunkhira palafini patalipatali. Mlandu unathera pomwepo, wopanda mboni, wopanda kufunsa mwini wake. Mwana wawo wa a Sipoko, bambo wa khandalo, anali chiimire pakhomo ndi thireyi ya matambula. Anayang'ana matambulawo ngati akuwawerenga.

Munthu amene anachitidwa zimenezi ndi wokonza njinga. Dzina loti Sipoko anamupatsa akadali mnyamata chifukwa chowonda ngati sipoko ya wilo, ndipo lakula naye mpaka imvi. Malo ake antchito ali kumapeto kwa msewu wopita kumsika: mashiti awiri a malata pamitengo inayi, benchi yopendekeka, beseni la madzi akuda loyeseramo machubu, bokosi la masipanala, ndi pampu imene chogwirira chake chinasalala ndi dzanja limodzi lomwelo. Kumanja kwake kuli wowotcherera zitsulo, kumanzere mayi wogulitsa zovala zakaunjika. Aliyense amene anakulira mbali imeneyo akuwadziwa a Sipoko atawerama, njinga itagadama, akuzunguza wilo n'kumalitchera khutu ngati dokotala pachifuwa cha wodwala.

Manja amenewo ndi amene anaphunzitsa mwana uja wa thireyi mpaka kukakhala mu ofesi ya mphepo yozizira. Ndi manja omwewo amene anasamalira mayi a mwanayo pa matenda awo otsiriza, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa madzi ndi supuni. Nthawi imeneyo palibe ananena kuti ndi akuda. Mayiwo atamwalira, ndipo mwini nyumba imene ankachita lendi atagulitsa malowo, mwana uja anawatenga bambo ake n'kuwapatsa chipinda cha kuseri kwa nyumba yake. Anthu anamuyamikira kwambiri. Chipindacho chili ndi bedi, mpando umodzi, wailesi, msomali wopachikapo jekete, ndi zenera loyang'anizana ndi chingwe choyanikapo zovala. Kuyamika kunali koyenera, koma tisaiwale kuti m'chipindamo kale munkasungidwa makasu ndi zitini za penti.

Tsono pali chinthu chimene aliyense wogwira girisi amachidziwa, chimene anthu a m'maofesi sachidziwa. Girisi samva sopo. Ukafuna kuti achoke, umayamba wapukuta manja ndi kansanza konyowetsa palafini, kenako umatikita ndi mchenga wosakaniza ndi sopo, n'kumalizira madzi. Kwa wokonza njinga, fungo la palafini m'manja ndi umboni woti wasamba. Tsiku limene khanda linabwera kuchokera kuchipatala, a Sipoko anatseka ntchito dzuwa likadali pamutu, n'kusamba mwa njira imeneyo mobwerezabwereza, kuchitira ulemu mlendoyo. Akanakhala munthu wosasamala akanangotsukuluza ndi madzi, fungo silikanamveka, ndipo mwina nkhani yonseyi sikanakhalapo. Chinawapachika ndi ukhondo wawo womwe.

Anawapatsa mwanayo atakulungidwa mu shawelo yoyera. Anali wamkazi. A Sipoko anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumusisita patsaya ndi chala chachikulu.

"Mwafika, akazi anga? Mwachedwatu. Anzanu aja, agogo anu aakazi, anatopa n'kudikira, anapita."

Mpongozi wawo anaseka mpaka kugwira pamimba pamene pankapweteka. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, mkuluyo ankafika, kusamba palafini wake, kuvala shati yoyera, n'kukhala pakhonde ndi khandalo. Ankaliuza nkhani za kuntchito: za wakabaza amene amakwera njinga yopanda mabuleki n'kumadalira mapemphero, za tcheni chimene chadutsa eni ake atatu. Khandalo linkagwira chala chawo n'kugona. Chimwalirire akazi awo, inali nthawi yoyamba kuti munthu wamoyo awagwire dzanja osati pofuna kulandira chenji.

Tiziphuphu tija tinayamba mwanayo ali ndi milungu ngati itatu. Nthawi yomweyo n'kuti asewele atafika kudzathandiza mwana wawo, ndi masutikesi awiri ndi maganizo okwanira mudzi wonse. Anamupaka mwanayo mafuta odzola, tiziphuphu tinawonjezeka. Anamuthira paudala pamwamba pa mafutawo, tinawonjezekabe. Anasintha sopo, anawiritsa mashawelo, analetsa mayi wa khandalo kudya mazira ndi mtedza, ndipo tsiku lina anapezeka akufinya kamodzi ndi zikhadabo mwana akulira. Zonsezi zitakanika panafunika munthu woti asenze mlandu, pakuti anthu ena sangagone ndi vuto lopanda mwini. Ndiye mphuno yawo inagwira palafini.

Madzulo a Lamulungu lija alendo atabalalika, mwana wa a Sipoko uja anabwera kuchipinda cha kuseri. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo, dzanja lili pachitseko.

"Bambo, musazitengere kumtima. Ndi kwa kanthawi chabe, mpaka nkhope ichire."

"Iweyo ukuti ndi ine?"

"Sindikuti ndi inu. Koma palafini ndi mankhwala, bambo. Khungu la mwana ndi lofewa."

"Iwe ndinakunyamula ndi manja omwewa. Unatuluka ziphuphu?"

"Nthawi zinasintha, bambo."

Anatseka chitseko mwaulemu kwambiri. Mwana ameneyu ulemu wa zitseko ali nawo.

Lamulo likangolowa m'nyumba limabereka ana. Poyamba linali loti asanyamule khanda. Kenako linakhala loti asakhale pa sofa pamene khanda limagonekedwa. Posakhalitsa chakudya chinayamba kuwapeza kuchipinda kwawo, chovundikira ndi mbale ina, ati kuwapeputsira ulendo. Kapu yawo inapatulidwa n'kuikidwa pawindo la kukhitchini payokha. Palibe anawathamangitsa, palibe anawatukwana. Ankapatsidwa moni m'mawa uliwonse, moni wa pazenera. Mdzukulu wawo ankamumva kulira kuseri kwa khoma, ndipo anafika pozindikira kulira kwa njala, kulira kwa thewera lonyowa, ndi kulira kongofuna munthu. Kumuona ankamuona pachingwe: timalaya, timasokosi tosakwana ndi chala chawo chachikulu, tikuuma kutsogolo kwa zenera lawo. Tsiku lina mphepo inagwetsa kasokosi kamodzi. Anawerama kuti atole, n'kuima, n'kukasiya pomwepo, kupita kukaitana mpongozi kuti adzatole yekha.

Choipitsitsa pa zonse n'chakuti a Sipoko anakhulupirira. Munthu wosalakwa amene akudziwa kuti sanalakwe amakhala ndi mkwiyo womufunditsa. Iwo analibe ngakhale chimenecho. Ankakhala pabedi kuyang'ana manja awo ngati agalu awo amene aluma mwana wa eni. Anasiya palafini. Anayesa mandimu, anayesa phulusa, anayesa mwala wotsukira mapazi. Atamva kwa mayi wa kaunjika kuti mankhwala oyeretsera zovala amachotsa chilichonse, ananyika manja m'menemo mpaka khungu linang'ambika m'mizere, girisi n'kulowa m'ming'alumo mozama kuposa kale. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Kenako anagula magolovesi a mphira, a mtundu wachikasu, n'kumagwira nawo ntchito. Wowotcherera uja atawaona anakweza chigalasi chake chakumaso.

"Aa, a Sipoko! Mwatsegula chipatala? Njingayo ili ndi pakati?"

"Gwira ntchito yako, iwe."

"Ndiye mukamaliza opaleshoni mutiuze ngati ndi yaimuna. Koma zoona, mdala, nati mungaimve bwanji m'zimenezo?"

Sankaimvadi. Sipoko imamangidwa ndi kumva kwa chala, ndipo chala chovala mphira ndi chogontha. Mawilo anayamba kutuluka opotoka. Anayamba kukana ntchito za tcheni ndi za mahabu a pakati pa wilo, zimene zili ndi girisi wambiri, n'kumangomata machubu. Akabaza, anthu osadziwa kudikira, anasamukira kwa wina wa kutsidya kwa msewu. Masana ambiri a Sipoko ankangokhala pabenchi yopendekeka ija, manja achikasu ali pamaondo, kuyang'ana njinga zikudutsa. Kunyumba analibe wolankhula naye, kuntchito analibe chogwira.

Choonadi anakachipeza mwangozi, patapita miyezi iwiri ndi kanthu. Linali tsiku lawo lokayezetsa kuthamanga kwa magazi kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kumeneko odwala onse amadikira pakhonde limodzi, okalamba mbali ino, amayi a sikelo mbali iyo, mabenchi n'kukumana pakati. Pafupi nawo panakhala mayi wachitsikana ndi khanda pamiyendo. Atalivundukula, a Sipoko anaona nkhope imene ankaiona kutulo: masaya ofiira, timitu toyera, pamphumi ndi pamphuno. Anasendera kumapeto kwa benchi n'kubisa manja m'matumba a jekete. Koma funso linawakanika kumeza.

"Pepani mayi. Bambo a mwanayu amakonza njinga?"

Mayiyo anawayang'ana ngati awafunse ngati zili bwino kumutu. "Njinga? Ayi, ndi telala."

"Kapena galimoto? Kunyumba kwanu kuli wogwira girisi, kapena palafini?"

"Agogo, ife timaphikira magetsi. Bwanji kodi?"

"Nanga izi zabwera bwanji?"

"Izi? Anamwino akuti n'zachibadwa. Woyamba uja anali nazonso, zinatha zokha."

Atalowa m'chipinda choyezera, namwino anawamanga lamba pamkono, n'kuona manja ong'ambikawo, n'kufunsa chimene chinachitika. Mkuluyo, amene sanauzepo munthu aliyense, anafotokoza zonse kwa mlendo wovala yunifolomu. Namwinoyo anali mayi wonenepa, wotopa, wa mzere wautali panja, koma anavula magalasi n'kuwamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo, mwanayo ankatentha thupi?"

"Ayi."

"Ankayamwa bwino? Tiziphuphuto tinali ndi madzi ngati matuza a moto?"

"Ankayamwa ngati walipidwa. Matuza ayi. Tinali ngati ta anyamata akamakula."

"Ndiye ndi zomwezo. Ana ambiri obadwa kumene amatuluka zimenezo, mwina mmodzi mwa asanu alionse, akakwanitsa milungu iwiri kapena inayi. Mwana amabadwa ndi timadzi ta m'thupi la mayi ake totchedwa mahomoni, ndipo timachititsa khungu lake kutulutsa mafuta ambiri. Si matenda opatsirana, si uve, si chakudya cha mayi. Sizimuwawa n'komwe, amene zimawawawa ndi akuluakulu oyang'anawo. Mankhwala ake ndi madzi ofunda, kansalu kofewa, ndi kudikira. Osapaka mafuta, osafinya. Zimatha zokha pa milungu ingapo, zikachedwa miyezi itatu kapena inayi. Tikamati thamangani nayeni kuno ndi pamene watentha thupi, wasiya kuyamwa, kapena zatuluka mafinya ndi matuza."

"Ndiye palafini uja..."

"Palafini si wabwino pakhungu la khanda, zimenezo ndisakunamizeni. Muzimalizira ndi sopo ndi madzi ambiri. Akanamuwotcha, bwenzi pali chigamba chofiira pamene munagwirapo, osati timitu toyera mpaka pamphumi. Izi mwafotokozazi zikanabwera ngakhale mukanakhala kunja kwa dziko. Ndipo manjawa musiye kuwazunza, mwamva? Bipi yanunso yakwera."

A Sipoko anatuluka m'chipatalamo akuyenda ngati mnyamata. Magolovesi anawaponya m'bini ya pageti. Njira yonse ankabwereza mawu a namwino kuti asatayike: mahomoni, mmodzi mwa asanu, zimatha zokha. Ankaganiza kuti choonadi chili ngati sipanala yoyenera, ukangoiika nati imamasuka.

Anapeza asewele pakhonde, khanda lili pamiyendo. Kanali koyamba kuliona pafupi chichitikire cha Lamulungu lija. Nkhope yake inali yosalala ngati dzira, yopanda ndi kachipsera komwe.

"Bwerani muone, asewele, koma muimire pomwepo," anatero mayiwo mokondwa. "Mwaona? Chisiyireni inu kumugwira, mwana wayera. Ndinkanena ine anthu n'kumati ndine wovuta."

Apa ndi pamene pali nkhanza ya nkhaniyi. Ziphuphu zimene zikanatha zokha zinatha pa nthawi yake, ndipo kutha kwakeko kunasanduka umboni wotsutsa munthu wosalakwa. A Sipoko anayesa kufotokoza. Mawu aja anatuluka mopingasa, mahomoni anawatchula molakwika, ndipo asewele anaseka mpaka khanda linadzidzimuka.

"Mwayamba udokotala tsopano? Anamwino a masiku ano ndi ana, asewele. Ine ndalera asanu ndi mmodzi. Maso angawa ndi amene aona: munagwira, zinatuluka, munasiya, zatha. Pafunikanso sukulu pamenepa?"

Mpongozi anali pakhomo la kukhitchini. Anayang'ana pansi n'kubwerera m'kati.

Mkuluyo anadikira mwana wake. Anamupeza Loweruka m'mawa akutsuka galimoto kumbali kwa nyumba, ndipo anamufotokozera zonse mwadongosolo, pakuti usiku wonse anali atakonzekera. Mwanayo anapitiriza kupukuta galasi lakutsogolo. Atamaliza anafinya nsanza n'kunena mawu amene anaposa a asewele aja kupweteka.

"Ndikudziwa, bambo. Anatiuza kusikelo."

"Anakuuzani? Liti?"

"Kalekale. Sabata yotsatira Lamulungu lija."

"Iwe ndi mkazi wako?"

"Tonse awiri."

A Sipoko anagwira chitseko cha galimoto, n'kuchotsapo dzanja msanga poopa kudetsa.

"Ndiye unangokhala chete? Ine ndikusupula manja?"

"Bambo, amayi aja mukuwadziwa. Tikanawauza kuti mafuta awo ndi amene ankawonjezera, mukanakhala moto m'nyumba muno. Mayi a mwana anali asanachire, ankafunika thandizo. Ndinaona kuti inuyo ndinu womvetsa zinthu. Ndimafuna mtendere basi."

Mtendere! Liwu lokoma limeneli labisa milandu yambiri m'mabanja kuposa bodza lenileni. Mwana wophunzira anayeza anthu awiri pa sikelo, wolongolola ndi wofatsa, n'kuona kuti wofatsayo ndiye wotchipa kumupereka nsembe. Sanafunse kuti mtenderewo akulipira ndani.

Asewele ananyamuka patapita mwezi wina, ndi masutikesi awo, akukhulupirirabe kuti anapulumutsa mdzukulu. Mpaka lero amauza anzawo nkhani ya palafini ngati phunziro kwa amayi achitsikana, ndipo alendo aja a pa 14 Malichi akawaona a Sipoko pamsewu amayang'ana manja asanayang'ane nkhope. Munthu akanaganiza kuti mwini lamulo atachoka, lamulo lichoka naye. Koma kuti lichoke pankafunika wina anene poyera kuti linali lolakwa, ndipo wonenayo akanayenera kufotokozanso chifukwa chimene anakhalira chete. Choncho kapu ija ikadali pawindo. Mbale yovundikira ikupitabe kuseri. Palibe amene amawaletsanso kunyamula mwana, komanso palibe amene anabwera naye n'kunena kuti, "Bambo, nayu."

Ndipo mwana sadikira akuluakulu kuti amalize manyazi awo. Anakhala pansi, anakwawa, anamera mano, tsopano akuyenda chogwira makoma. Mwezi wathawu, masana ena, anazungulira nyumba yekha mpaka kufika pakhomo la chipinda cha kuseri. A Sipoko anali pampando akumvera wailesi. Anaitseka pang'onopang'ono, n'kugwada pa maondo awo owawawo, n'kutambasula manja, osamba ndi sopo yekhayekha.

"Akazi anga, mwabwera kudzandiona?"

Mwanayo anayang'ana nkhalamba yowonda, yachilendo, n'kukuwa kulira kwa mantha, kulira kumene iwo anali asanakumvepo kuseri kwa khoma. Mayi ake anathamanga n'kumunyamula. "Pepani bambo, sanakuzolowereni," anatero. Ananena zoona. Nanga akanawazolowera liti?

A Sipoko anabwerera ku girisi wawo, ndipo mawilo ayambanso kutuluka owongoka, ngakhale akabaza ambiri sanabwerere. Sadandaula kwa munthu. Madzulo amasambabe mosamala, kumalizira ndi sopo ndi madzi ambiri monga ananenera namwino, n'kuvala shati yoyera, n'kukhala pakhomo la chipinda chawo kuyang'ana chingwe cha zovala. Iwo ndi ofatsa, mwina adzafa osafunsa. Koma mlandu suwola, ndipo wina ayenera kufunsa.

Iwe mwana wa a Sipoko, wa mu ofesi ya mphepo yozizira: bambo ako ananyozedwa pabalaza pako, pamaso pa alendo ako, pa mlandu umene iwe unadziwa pasanathe sabata kuti ndi wabodza. Udzaitana liti anthu omwe aja, pabalaza pomwe paja, apongozi ako ali pomwepo, n'kunena ndi pakamwa pako kuti manja aja sanalakwe? Ndipo udzamutenga liti mwana wakoyo, alire asalire, n'kumuika m'manja mwa agogo ake mpaka awazolowere? Tchula tsiku. Tiyankhe.